Chifukwa chake opanga mapulogalamu amalipira makampani ena kuti aziwatumizira maimelo

Munthu akaiwala mawu achinsinsi olowera mu akaunti yake ya kubanki kapena ya sitolo ya pa intaneti, amadina pamene palembedwa kuti waiwala, n'kulemba adiresi yake ya imelo, kenako n'kukhala chete maso ali pafoni. Pakatha masekondi 20 uthenga usanafike amayamba kukayika, ikatha mphindi imodzi amadinanso kachiwiri, ndipo zikapitirira pamenepo amayamba kuganiza kuti mwina kampaniyo ndi yosadalirika. Uthenga umene akuudikirawo sulembedwa ndi wogwira ntchito aliyense pa nthawi imeneyo. Ndi pulogalamu ya kompyuta imene imaukonza yokha chifukwa cha zimene munthuyo wangochita, ndipo umapita kwa iye yekha basi. Malisiti a katundu wogulidwa, manambala otsimikizira kuti amene akulowa mu akaunti ndi mwini wake, chidziwitso chakuti tikiti ya ndege yadulidwa kapena kuti phukusi lanyamuka, onsewa ndi mauthenga a mtundu umodzi, umene m'Chingerezi amautcha transactional email.

Maimelo amenewa ndi osiyana ndi otsatsa malonda, amene amatumizidwa kwa anthu zikwizikwi nthawi imodzi ngakhale asanapemphe chilichonse pa tsikulo. Kusiyanaku kunafika mpaka m'malamulo. Lamulo la ku America lotchedwa CAN-SPAM, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limaika mauthenga okhudza zimene munthu wagula kapena akaunti imene ali nayo m'gulu lawolawo, ndipo silikakamiza kuti akhale ndi podina pokanira kulandira mauthenga ena monga limachitira ndi otsatsa malonda. Zimenezi n'zomveka, pakuti palibe munthu amene angafune kukana kulandira lisiti la ndalama zake.

Funso limene anthu ongoyamba kumene kupanga mapulogalamu amafunsa kawirikawiri ndi lakuti n'chifukwa chiyani ayenera kulipira kampani ina pa ntchito yooneka yaing'ono choncho, pamene kompyuta iliyonse yolumikizidwa ku intaneti ingathe kutumiza imelo. Iwo salakwitsa kwenikweni. Kutumiza n'kosavuta, ndipo pulogalamu yotumizira imelo ingalembedwe m'mizere yochepa. Chovuta ndi kuchititsa kuti seva ya Gmail, Outlook kapena Yahoo, kutanthauza kompyuta yaikulu imene imalandira ndi kusunga makalata a anthu, ivomere uthengawo n'kuuika pamene munthu angauone, m'malo moukankhira ku bokosi la spam, la makalata osafunika, kapena kuukana kumene. Chimene makampani amenewa amagulitsa makamaka ndi mbiri yabwino imene anaimanga kwa zaka zambiri pamaso pa maseva olandira makalata.

Kuti timvetse chifukwa chake mbiri ili yofunika chotere, tiyenera kubwerera kumene imelo inayambira. Ray Tomlinson ndiye anatumiza uthenga woyamba wochokera pa kompyuta ina kupita pa kompyuta ina pa ARPANET, njira yolumikizira makompyuta ku America imene inatsogolera intaneti, mu 1971, ndipo ndi iyenso anasankha chizindikiro cha @ kuti chizilekanitsa dzina la munthu ndi dzina la makina. Mu 1982, Jon Postel analemba ndondomeko yotchedwa SMTP, imene mpaka lero ndiyo imanyamula maimelo kuchoka pa seva ina kupita pa ina. Ndondomekoyi ili ngati kukambirana kwaulemu pakati pa makina awiri. Seva yotumiza imapereka moni n'kutchula dzina lake, kenako imanena amene kalata ikuchokera, imatchula amene ikupita, imapereka uthenga wonse, n'kumaliza ndi kadontho kamodzi kali kokha pamzere. Seva yolandira ikakhutira imayankha ndi nambala 250. M'kukambirana konseku munalibe malo alionse pamene wolandira akanafunsa umboni wakuti wotumizayo ndi amenedi akudzitchulayo, chifukwa pa nthawiyo ogwiritsa ntchito makinawa anali ochepa, ambiri a iwo anali m'mayunivesite ndi m'malo ochitira kafukufuku, ndipo ankakhulupirirana ngati anthu a mudzi umodzi.

Komabe chizindikiro cha mavuto chinali chitaoneka kale. Mu 1978, Gary Thuerk, amene ankagwira ntchito yotsatsa malonda ku kampani ya Digital Equipment Corporation, anatumiza uthenga wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, ndipo ambiri anakwiya nawo. Intaneti itafalikira m'zaka za m'ma 1990, mchitidwewu unasanduka mliri, ndipo maseva olandira anayamba kukayikira mlendo aliyense. Bungwe la Spamhaus, limene linayamba mu 1998, limasunga m'ndandanda wa maadiresi a IP (manambala ozindikiritsa makina pa intaneti) odziwika kuti amatumiza zinyalala, ndipo maseva ambiri padziko lonse amayamba aona m'ndandandawu asanalandire kalata. Makampani obwereketsa maseva nawonso anatseka khomo: Google Cloud salola kuti makina a makasitomala ake atumize kunja kudzera pa port 25, imene ndi njira imene maseva a imelo amalankhulirana, ndipo Amazon imaitseka pa maseva ake a EC2 mpaka kasitomala atapempha kuti imutsegulire. Motero wopanga pulogalamu amene wabwereka seva yatsopano lero amapeza kuti mwina sangathe kutumiza n'komwe, kapena adiresi ya IP imene wapatsidwa inadetsedwa kale ndi munthu amene ankaigwiritsa ntchito iye asanabwere.

Apa m'pamene makampani monga SendGrid, Mailgun, Postmark, Amazon SES, Brevo ndi Resend amalowera. Pulogalamu imalumikizana nawo m'njira ziwiri. Njira yakale ndi yowapatsa uthenga kudzera pa SMTP yomweyo, kawirikawiri pa port 587, pogwiritsa ntchito dzina ndi mawu achinsinsi, ndipo ubwino wake ndi wakuti mapulogalamu akale safuna kusinthidwa kwambiri. Njira imene ambiri amaikonda masiku ano ndi ya API, yolankhulirana mapulogalamu awiri mwachindunji, pamene pulogalamu imatumiza kwa kampaniyo adiresi ya wolandira, mutu wa kalata, mawu ake ndi kiyi yachinsinsi yoizindikiritsa, ndipo nthawi yomweyo imayankhidwa kuti uthenga walandiridwa ndipo uli pamzere. Kuyambira pamenepo pulogalamu imapitiriza ntchito zake zina, ndipo zovuta zonse za ulendo wa kalatayo zimatsala m'manja mwa kampani yotumiza.

Zovutazo n'zambiri kuposa mmene zimaonekera. Seva yolandira ikayankha ndi nambala yoyamba ndi 4, ikutanthauza kuti pakadali pano singalandire koma wotumiza ayesenso, mwina chifukwa yatanganidwa kapena ikufuna kuona ngati wotumizayo ali woleza mtima, popeza otumiza zinyalala ambiri sabweranso kachiwiri. Ikayankha ndi nambala yoyamba ndi 5, monga 550, ndiye kuti yakana kotheratu, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti adiresiyo kulibe. Malamulo a SMTP amalimbikitsa kuti seva ipitirize kuyesa kwa masiku 4 kapena 5 isanataye mtima, koma kuleza mtima kotereku kulibe phindu kwa munthu amene akudikira nambala yotsimikizira imene itha ntchito pakatha mphindi 10. N'chifukwa chake pa maimelo a mtundu uwu liwiro ndi lofunika mofanana ndi kufika kumene. Kampani yotumiza imasunganso m'ndandanda wa maadiresi amene anabweza makalata kapena amene eni ake anadandaula, ndipo imakana yokha kutumizanso kumeneko ngakhale pulogalamu itailamula. Zonse zimene zachitikira uthenga, kaya wafika, wabwezedwa kapena wadandaulidwa, imazibweza ku pulogalamuyo kudzera pa njira yotchedwa webhook, kuti mwini pulogalamu adziwe ndi kukonza zolemba zake.

Pali kanthu kamodzi pano kamene kamasokoneza anthu ambiri. Kampani yotumiza ikalemba kuti uthenga wafika, imangotanthauza kuti seva yolandira yayankha 250. Chimene sevayo yachita ndi kalatayo itailandira, kaya yaiika m'bokosi lalikulu, m'bokosi la zotsatsa kapena la spam, wotumiza sauzidwa. Taganizirani wa sitolo yaing'ono ya pa intaneti amene kasitomala akumuimbira foni mokalipa kuti sanalandire lisiti, iye n'kutsegula kompyuta n'kuona chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti uthenga unafika 9 koloko m'mawa. Onse awiri akunena zoona. Kalatayo inalowadi pakhomo, koma inakaikidwa kuseri kumene mwini wake sayang'anako.

Chimene chimathandiza kwambiri kuti kalata isakankhidwire kuseriko ndi umboni wa kumene yachokera, ndipo umboniwu uli ndi magawo atatu amene anawonjezedwa pamwamba pa SMTP patapita zaka zoposa 20. Munthu wochokera kumudzi amene anafunikapo kalata ya amfumu kuti atsegule akaunti kapena atsimikize kumene amakhala angamvetse msanga mfundo yake: mawu a mwini wake sakwanira, pamafunika wina wodziwika womuikira kumbuyo, ndiponso chidindo chimene sichingapekedwe mosavuta. Pa intaneti, malo amene umboni woterewu umasungidwa ndi DNS, kaundula amene amasonyeza zonse zokhudza dzina la domeni, limene ndi gawo la adiresi ya imelo lobwera pambuyo pa @, ndipo mwini domeni yekha ndi amene angalembemo.

Gawo loyamba ndi SPF, imene inasindikizidwa koyamba ngati ndondomeko yoyeserera mu 2006 n'kukhazikitsidwa mokwanira mu 2014. Mwini domeni amalemba mzere umodzi mu DNS wotchula maseva amene ali ndi chilolezo chotumiza makalata m'dzina lake, ndipo wolandira amayerekeza adiresi ya IP imene kalata yachokera ndi m'ndandandawo. Ndi njira yosavuta koma ili ndi misampha yake. Domeni iyenera kukhala ndi mzere umodzi wokha wa SPF, ndiye munthu amene akuyamba kugwiritsa ntchito kampani yatsopano akawonjezera mzere wachiwiri m'malo mosintha woyambawo, amaononga yonse iwiri. Ndondomekoyi imalolanso kufufuza mu DNS kosapitirira ka 10, ndipo bungwe limene limatumiza makalata kudzera m'makampani angapo limadutsa malirewa mosadziwa. Kuwonjezera apo, kalata ikapatsiridwa kuchoka pa adiresi ina kupita pa ina, imafika kuchokera ku seva imene palibe m'ndandandamo, ndipo SPF imalephera ngakhale kalatayo ili yoona.

DKIM ndiyo chidindo chenichenicho. Inabadwa pophatikiza njira ziwiri, ina ya Yahoo ndi ina ya Cisco, ndipo inasindikizidwa mu 2007. Seva yotumiza imasayina kalata iliyonse ndi kiyi yachinsinsi, pamene kiyi inzake, yoti aliyense aione, imaikidwa mu DNS ya domeniyo. Wolandira amatenga kiyi yapoyerayo n'kutsimikiza kuti siginecha ikugwirizana ndi kalata, ndipo ngati wina wasintha mawu panjira, siginechayo imakanika. Popeza chidindochi chimayenda limodzi ndi kalata, nthawi zambiri chimapulumuka ngakhale kalata itapatsiridwa kwina. Munthu akatsegula akaunti ku kampani yotumiza maimelo, ntchito yoyamba imene amapatsidwa ndi kukopera mizere iwiri kapena itatu ya zilembo zosamveka n'kuiika mu DNS yake, ndipo kwenikweni akuchita zimenezi: akuipatsa kampaniyo mphamvu yodinda makalata m'dzina lake.

Panatsalabe mpata umodzi. Adiresi imene SPF imayang'ana si imene munthu amaiona pamwamba pa kalata, ndipo wakuba angasayine bwinobwino ndi domeni yake kwinaku akusonyeza dzina la banki pamalo ooneka. DMARC, imene inalengezedwa mu 2012 ndi gulu la makampani kuphatikizapo PayPal, Google, Yahoo ndi Microsoft, inabwera kudzatseka mpata umenewu. Imafuna kuti domeni imene yapambana pa SPF kapena pa DKIM igwirizane ndi imene ikuoneka kwa wowerenga, ndipo imapatsa mwini domeni mwayi wouza olandira chochita ndi kalata yolephera: kuisiya idutse, kuiika pambali, kapena kuikana. Olandira akuluakulu amatumizanso malipoti kwa mwini domeni osonyeza maseva onse amene atumiza makalata m'dzina lake. Mabungwe ambiri akayamba kuwerenga malipotiwa amadabwa kupeza kuti pali makina a m'maofesi awo omwe, monga pulogalamu yakale ya malipiro kapena makina osindikizira, amene akhala akutumiza makalata popanda aliyense kuwakumbukira. N'chifukwa chake anthu odziwa ntchitoyi amayamba ndi lamulo longoyang'anira, ndipo amafika pa lamulo lokana pokhapokha atatsimikiza kuti sadzatsekera kunja makalata awo omwe.

Kwa zaka zambiri zonsezi zinali uphungu chabe. Zinthu zinasintha mu Okutobala 2023, pamene Google ndi Yahoo analengeza kuti kuyambira mu Febuluwale 2024 aziumiriza. Aliyense wotumiza ku Gmail ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM, ndipo amene amatumiza mauthenga okwana 5,000 pa tsiku ayenera kukhala ndi zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC. Chiwerengero cha anthu odina kuti kalata ndi spam chiyenera kukhala chochepera 0.3 peresenti, kutanthauza anthu 3 pa 1,000 alionse. Lamulo lakuti pakhale podina kamodzi kokha pokanira mauthenga limakhudza otsatsa malonda, osati malisiti ndi manambala otsimikizira. Microsoft inatsatira ndi malamulo ofanana pa Outlook mu Meyi 2025.

Umboni wa dzina umangosonyeza kuti wotumiza ndi ndani, koma sunena ngati ali wakhalidwe labwino. Mbiri imamangidwa payokha, ndipo imamatirira pa zinthu ziwiri, adiresi ya IP ndi domeni. Makasitomala ang'onoang'ono a makampani otumiza amagawana maadiresi a IP ndi anzawo ambirimbiri amene sawadziwa, ndipo apa mwambi wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola umagwira ntchito ndendende, chifukwa kasitomala mmodzi akagula m'ndandanda wa maadiresi n'kuyamba kumwaza zotsatsa, malisiti a onse ogawana naye adiresiyo amayamba kuchedwa. Ichi n'chifukwa chake makampaniwa amaoneka ouma mtima kwa makasitomala atsopano. Akaunti yatsopano ya Amazon SES imayambira m'malo oyeserera mmene imaloledwa mauthenga 200 okha pa maola 24, uthenga umodzi pa sekondi, ndiponso kupita ku maadiresi otsimikizidwa okha, mpaka mwini wake atalemba kufotokoza zimene akufuna kutumiza ndi mmene anapezera maadiresi. Makalata obwezedwa akafika 5 peresenti akauntiyo imaikidwa pa kuunikidwa, akafika 10 peresenti ingaimitsidwe, ndipo pa madandaulo malire ake ndi 0.1 ndi 0.5 peresenti. Postmark inadziwika kwa nthawi yaitali chifukwa chokana kotheratu maimelo otsatsa, ndipo itayamba kuwalola inawapatsa njira yawoyawo yosiyana ndi ya malisiti.

Wotumiza wamkulu angalipire kuti akhale ndi adiresi ya IP yakeyake, koma imeneyi si mankhwala a aliyense. Adiresi yatsopano ilibe mbiri, ndipo iyenera kuzolowezedwa potumiza makalata ochepa masiku oyamba n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, monga momwe wa golosale amayambira kukongoza kasitomala watsopano sopo mmodzi asanamukhulupirire ndi thumba la ufa. Amene amatumiza mauthenga ochepa chabe pa tsiku sangathe kumanga mbiri yokhazikika pa adiresi yakeyake, ndipo zimamuyendera bwino akagawana ndi ena pa kampani yosamala. Mbiri ya domeni nayo imatsata mwini wake kulikonse kumene angasamukire. Poona zimenezi, mabungwe osamala amatumiza zotsatsa kuchokera ku kadomeni kena ndipo malisiti kuchokera ku kena, ndipo amapewa chizolowezi, chimene a dipatimenti ya malonda amachikonda kwambiri, chodzaza lisiti ndi zotsatsa mpaka lisitilo kusaonekanso.

Makampani ambiri a ntchitoyi anayamba m'zaka zoyandikana. SendGrid inayamba mu 2009 ku Colorado, Mailgun ndi Postmark mu 2010, Amazon SES mu Januwale 2011, ndipo Mandrill ya Mailchimp mu 2012. Pafupifupi onse odziimira paokha anadzagulidwa: Twilio inalengeza mu 2018 kuti ikugula SendGrid pa mtengo wa madola pafupifupi 2 biliyoni, kampani ya ku Sweden ya Sinch inatenga Mailgun mu 2021, ndipo ActiveCampaign inagula Postmark mu 2022. Mitengo imasiyana kwambiri. Amazon SES yakhala ikulipiritsa masenti 10 a dola pa maimelo 1,000, kutanthauza madola 100 pa maimelo 1 miliyoni, koma imasiyira mwini pulogalamu ntchito yambiri yolumikiza ndi kuyang'anira, pamene ena amalipiritsa zambiri posinthana ndi zida zosavuta ndiponso anthu oyankha mafunso. Zimene zinachitika mu 2016 zimakumbukiridwabe pakati pa opanga mapulogalamu: Mailchimp inalengeza kuti Mandrill izipezeka kwa okhawo amene ali ndi akaunti yolipira ya Mailchimp, ndipo anthu ambiri anakakamizika kusamuka m'milungu yochepa. Amene anali atalemba mapulogalamu awo mwakuti gawo lotumiza imelo linali pamalo amodzi anasamuka mosavuta, pamene amene anamwaza malamulo a kampani imodzi paliponse anavutika.

Nkhani ya chinsinsi imafunanso kuganiziridwa, chifukwa lisiti lililonse limene ladutsa pa kampani yotumiza limanyamula dzina la munthu, zimene wagula ndi ndalama zimene walipira, ndipo makampani ena amasunga mawu a makalatawo kwa masiku angapo kuti athandize pofufuza zolakwika. Malamulo oteteza uthenga wa anthu, monga GDPR ya ku Ulaya imene inayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, POPIA ya ku South Africa, lamulo la ku Zambia la 2021 ndi la ku Malawi la 2024, amaika udindo pa bungwe limene linatolera uthengawo ngakhale litaupereka kwa wina kuti aligwirire ntchito. Makampani otumiza amaperekanso njira yodziwira ngati kalata yatsegulidwa, poika kachithunzi kosaoneka m'kati mwake, koma kuyambira mu 2021, pamene Apple inayamba kutsegula zithunzizi yokha m'malo mwa ogwiritsa ntchito pulogalamu yake ya Mail, ziwerengerozi zinasiya kudalirika. Pa kalata yosinthira mawu achinsinsi, nzeru ndi kuzimitsa kulondola konseku, makamaka kumene kumasintha linki kuti iyambe yadutsa pa seva ya kampani ina. Kiyi ya API nayonso ndi chuma chimene akuba amachisaka mwakhama, pakuti woipeza amatha kutumiza makalata achinyengo okhala ndi chidindo chenicheni cha domeni ya mwini wake, ndipo makiyi ambiri amabedwa chifukwa choiwalidwa m'mafayilo oikidwa poyera pa GitHub, webusaiti imene opanga mapulogalamu amasungirako ntchito yawo.

Kwa wopanga mapulogalamu ku Lilongwe kapena ku Blantyre pali zinthu ziwiri zowonjezera. Choyamba n'chakuti makampani onsewa amalipiritsa mu ndalama zakunja kudzera pa khadi, ndipo m'nyengo imene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki, khadi ikakanidwa mwezi umodzi akaunti ingaimitsidwe, malisiti n'kusiya kupita popanda kasitomala aliyense kudziwa chifukwa chake. Chachiwiri n'chakuti anthu ambiri kuno anazolowera kulandira chitsimikizo cha ndalama pa SMS, monga zimakhalira ndi Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ena amene ali ndi adiresi ya imelo anaitsegula pongofuna kuti foni yawo ya Android igwire ntchito, osailowanso. Adiresi yotere imalandira makalata bwinobwino ndipo seva imayankha 250 nthawi zonse, koma palibe amene amawerenga. Pa chifukwa chimenechi mapulogalamu ambiri opangidwira anthu a kuno amatumiza nambala yotsimikizira pa SMS kapena pa WhatsApp, n'kusiyira imelo malisiti, ma invoice ndi zikalata zimene munthu angafune kudzazipezanso pakatha miyezi.